Momwe kholo lapantchito lingakwanitsire ntchito zapakhomo popanda wantchito

Kholo lomwe limakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe n'kumagwira ntchito ku City Centre, kapena lomwe limachokera ku Bangwe kukalowa ntchito m'tauni ya Blantyre, limachoka pakhomo kusanache bwinobwino ndipo limabwerako dzuwa litalowa, malingana ndi mmene maminibasi ayendera tsikulo. Nthawi yophika, yochapa, yoona makope a ana ndi yopuma imangotsala maola atatu kapena anayi a madzulo, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu, masiku omwenso amatengedwa ndi maliro, zinkhoswe, maukwati ndi mapemphero. Mabanja ambiri alibe ndalama zolipira wantchito wapakhomo malipiro oyenera, komabe banja liyenera kudya, kusamba ndi kuvala zoyera. Zimenezi zimatheka ngati ntchito iliyonse ili ndi mwini wake komanso nthawi yake yodziwika.

Choyamba, pezani tsiku limodzi madzulo mukhale pansi akuluakulu nonse a m'nyumbamo, mulembe papepala ntchito zonse zapakhomopo, ngakhale zooneka zazing'ono monga kugula makala, kutaya zinyalala kudzala, kugula mayunitsi a magetsi, kupita kuchigayo ndi kupolisha nsapato za ana. Mukatero muzigawe patatu, za tsiku ndi tsiku, za kamodzi pa sabata ndi za kamodzi pa mwezi, ndipo pafupi ndi ntchito iliyonse mulembe dzina la munthu mmodzi, pepalalo n'kulimata pakhoma la kukhitchini. Pamenepa ndi pomwe mabanja ambiri zimawavuta, chifukwa bambo ndi mayi amaweruka nthawi imodzi n'kukwera minibasi imodzi, koma akafika pakhomo mayi amamanga chitenje n'kuyatsa mbaula pamene bambo akudikira madzi osamba. Bambo amene amagwira ntchito pokhapokha atapemphedwa amasiyira akazi awo udindo wokumbukira ndi kukumbutsa zonse, ndipo udindo umenewu umatopetsa kuposa kukolopa. Ngati kusita mayunifomu ndi kutunga madzi zalembedwa pa dzina la bambo, iwowo ndiwo ayenera kudziwa kuti tsiku lake lakwana, popanda wowauza. Kholo lomwe likulera lokha ana lilembebe pepalali, chifukwa limasonyeza ntchito zomwe ana angatenge ndi zomwe zingasiyidwe popanda wovutika nazo.

Chachiwiri, ntchito za m'mawa muzizigwira usiku. Mukangomaliza kuomola nsima, thirani madzi mumphikamo n'kuviikamo mthiko ndi chipande, kuti nkhoko zifewe pamene mukudya, ndipo mbale zitsukidwe nthawi yomweyo banja likatha kudya, zisagone. Mwana aliyense alongedze makope m'chikwama chake, ndipo yunifomu, masokosi ndi nsapato aziike pamalo amodzi pafupi ndi pomwe amagona. Ufa wa phala ndi nsinjiro muyezeretu, pambaula muikiretu makala ndi zoyatsira, ndipo mbatata kapena chinangwa chomwe ana atenge kusukulu muphikiretu pa moto womwe watsala mutaphula ndiwo. Zonsezi zimatenga mphindi 30 kapena 40 ngati aliyense agwirapo, pamene m'mawa ntchito zomwezo zimachedwetsa banja lonse chifukwa sokosi imodzi yasowa. Mbaula ya moto isagone m'nyumba yotseka mazenera, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, chifukwa makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha womwe umapha anthu ali m'tulo.

Chachitatu ndi kuphika, ndipo apa ndi pomwe nthawi yambiri imathera. Nsima payokha sichedwa kupsa. Chimene chimachedwetsa mgonero ndi ndiwo. Nyemba muzisankhe ndi kuziviika m'madzi Lachisanu usiku, chifukwa nyemba zoviika zimapsa msanga ndipo zimapulumutsa makala, kenaka Loweruka muphike mphika waukulu wokwanira kudya kawiri kapena katatu. Zikawira mwamphamvu kwa mphindi 20 kapena 30, mukhoza kuphula mphikawo uli chivundikirire, kuukulunga bwino ndi bulangete lakale n'kuuika mudengu, ndipo nyembazo zimapitiriza kupsa ndi kutentha komwe kwasungikako kwa maola atatu kapena anayi inu mukuchapa. Amene muli ndi firiji gawani ndiwozo m'timakontena tokwanira kudya kamodzi, ta masiku awiri oyambirira muike m'munsi, totsalato muike m'mwamba mwa firiji momwe madzi amaundana. Magetsi akazima musamatsegule chitseko chake pafupipafupi, pakuti firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndiponso kuti chakudya chogona chizitenthetsedwa mpaka chitenthe mkati monse. Amene mulibe firiji musaphikiretu zambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene nyemba zimasasa tsiku lomwelo. M'malo mwake dalirani ndiwo zouma zosachedwa kupsa pakati pa sabata, monga usipa, matemba, bonya, mfutso ndi soya, kuonjezerapo mazira, ndipo nyemba ndi nyama zikhale za kumathero a sabata. Nsinjiro za sabata yonse musinje kamodzi n'kuzisunga m'botolo louma lotseka bwino, kuti chisoso kapena nkhwani wotendera asamafune mtondo Lachiwiri usiku.

Chachinayi, sungani madzi. M'madera ambiri a m'mizinda yathu madzi amasiya kutuluka masana n'kubwera usiku, choncho pakhale lamulo lakuti madzi akangotuluka, zigubu ndi ndowa zonse zidzazidwe ntchito ina isanayambe. Akumwa muwasunge padera m'chigubu chotseka, owiritsa kapena othira WaterGuard. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo banja lotanganidwa ndi lomwe limafulumira kumwa madzi alionse omwe lapeza. Ndowa iliyonse ikhale yovundikira ngati muli ndi mwana wokwawa kapena woyamba kuyenda, chifukwa mwana wotere amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri. Madzi otsukuluzira zovala musataye, mukolopere kapena muthire kuchimbudzi.

Chachisanu, musaunjike zochapa zonse kudikira Loweruka. Lachitatu mukangofika pakhomo, viikani mayunifomu, masokosi ndi zovala zamkati m'madzi a sopo waufa, muzisiye pamene mukuphika, ndipo pozichapa litsiro limakhala litafewa kale. Loweruka likhale la zovala zakuntchito ndi zolemera, ndipo nsalu zoyala pabedi, matawulo ndi mabulangete muzisinthanitse masabata m'malo mozichapa tsiku limodzi. Yanikani pachingwe padzuwa, osati paudzu kapena pansi, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira padothi ndi pazovala zonyowa, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo mphutsizo zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, n'chifukwa chake matewera ndi zovala za ana siziyenera kuvalidwa zosasita, ngakhale nthawi itachepa chotani. Sitani za sabata yonse nthawi imodzi magetsi akayaka, ndipo simbi ya makala ikhalepo pafupi.

Kenaka aphunzitseni ana. Wa zaka 4 kapena 5 angathe kutola zidole zake ndi kuika zovala zakuda mudengu. Wa zaka 7 kapena 8 angathe kuyala pogona pake, kusesa pabwalo ndi kupukuta mbale. Wa zaka 10 mpaka 12 angathe kutsuka mbale ndi kuchapa masokosi ake, ndipo wa kusekondale ayenera kudziwa kuphika nsima ndi ndiwo zake. Anyamata ndi atsikana agwire ntchito zofanana, ndipo moto, madzi otentha ndi kulera khanda zisasiyidwe m'manja mwa ana aang'ono. Masabata oyamba ntchito yawo sikhala yosangalatsa, koma musaibwereze iwo akuona, chifukwa mwana amene waona mayi ake akusesanso pomwe iye wasesa amaleka kuyesetsa. Pali njira ina yomwe mabanja ambiri amathamangira, yotenga mwana wa m'bale kumudzi polonjeza sukulu, mwanayo n'kumadzuka 4 koloko kutunga madzi ndi kusambitsa ana anzake. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ana ku ntchito yowadyera masuku pamutu kapena yosokoneza maphunziro awo, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mwana wa m'bale akabwera pakhomo panu, ntchito zake zifanane ndi za ana anu, ndipo nthawi yake yowerenga isakhudzidwe.

Pa kusesa ndi kukolopa sipafunika zambiri. Kukhitchini, pabalaza ndi kuchimbudzi kusamalidwe tsiku lililonse, kuzipinda kukolopedwe kawiri pa sabata, ndipo kupaka polishi pansi, kupukuta mazenera ndi kuchotsa akangaude kudenga zikhale za kamodzi pa mwezi.

Pomaliza, konzekerani sabata yomwe zonse zidzasokonekere, monga mwana akadwala malungo, kukagwa maliro kumudzi kapena kuntchito kukachuluka kumapeto a mwezi. Pa sabata yotere gwirani zinayi zokha, chakudya, madzi, mbale ndi chimbudzi, ndipo zina zonse zidikire popanda wina kudzudzula mnzake. Gwirizananinso ndi banja limodzi loyandikana nalo lomwe mumalikhulupirira, kuti iwo azikuanulirani zovala mvula ikayamba inu muli kuntchito ndi kukudzazirani chigubu madzi akabwera masana, inu muziwatengera mwana kusukulu ya mkaka kapena thumba lawo la chimanga popita kuchigayo. Pangano lotere mulikambirane momveka pachiyambi, aliyense adziwe mbali yake ndi masiku ake, ndipo muliunikenso sukulu zikamatsegulira teremu iliyonse.