Mmene mungachepetsere kupanikizika pa ntchito, potengera zimene zinachitika ku Spain

Ndimasunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zomangira pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Ndikulembera anzanga amene mumaweruka mutu ukuwawa, usiku tulo osabwera poganizira za mawa.

Yambani mwadziwa chimene chikukufinyani. Katswiri wina, Robert Karasek, anafotokoza mu 1979 kuti wantchito amavutika kwambiri ntchito ikachuluka koma iye alibe ufulu wosankha kagwiridwe kake. Ku Spain izi zinaonekera chuma chitasokonekera mu 2008. Pofika 2013, mwa anthu 100 oyenera kukhala pa ntchito, oposa 25 anali paulova, ndipo kwa achinyamata anali opitirira theka. Otsala pa ntchito ambiri anasenza ndi za anzawo ochotsedwa zomwe, akuopa kudandaula. Mantha amenewo ifenso timawadziwa. Bwana akangoti "kunjaku alipo ambiri ofuna malo ako," pakamwa pamauma.

Ndiye gulani kope. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa, yoweruka, ndi ntchito imene yakugwerani mwadzidzidzi. Ku Spain, kuyambira 2019 lamulo limakakamiza olemba anthu ntchito kulemba maola a aliyense tsiku ndi tsiku, chifukwa ovataimu yambiri inkapita yosalipidwa. Kuno musadikire wina, dzilembereni nokha. Lamulo lathu la Employment Act limati maola a ntchito yanthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, opyola pamenepo ndi ovataimu.

Kope likadzaza mwezi umodzi, kaonaneni ndi abwana, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Musakawauze kuti mwatopa, poti adzakuyankhani kuti aliyense watopa. Kapempheni mpata wosankha. Ine ndimati: "Bwana, kuwerenga katundu ndi lipoti la mwezi sizingatheke zonse Lachisanu. Mundilole ndiwerenge simenti ndi malata Lachitatu, lipoti ndimalize Lachisanu m'mawa." Ntchito sinachepe, koma dongosolo lake lili m'manja mwanga, ndipo mtima umakhala m'malo. Ngati muli angapo, pitani limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Foni nayo. Lamulo la ku Spain la 2018 linapatsa antchito ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito akaweruka. Inu gwirizanani ndi abwana ola limene WhatsApp ya ntchito izitsekedwa, kupatula pakagwa zadzidzidzi zenizeni.

Tchuthi chanu tengani. Wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 15 pa chaka, wa masiku 6 ali ndi 18. Zimandipweteka kuona anthu akuchiunjika chaka ndi chaka poopa kuoneka aulesi.

Mtima ukamagunda kwambiri, mutu osaleka, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mugone, pitani kuchipatala akakuyezeni BP, ndipo muwauze adokotala za kuntchito osabisa. Abwana akakana kulipira ovataimu kapena kukupatsani tchuthi, nyamulani kope lija mupite ku ofesi ya Labour ya boma la Zomba.