Mmene mungasandutsire bizinesi yanu kukhala franquia m'chigawo cha Tete

Munthu amene ali ndi padaria (malo ophikira ndi kugulitsira buledi) yoyenda bwino ku Ulónguè, kapena malo owotchera nkhuku ndi nyama ya mbuzi mumzinda wa Tete, sachedwa kulandira alendo opempha kuti awalole kutsegula malo ngati omwewo ku Moatize, ku Zóbuè kapena ku Furancungo pa dzina lomwelo. Pangano lotere pa Chipwitikizi limatchedwa franquia, ndipo anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amalitchula kuti franchise. Mwini bizinesi amabwereketsa dzina lake, chizindikiro chake ndi kagwiridwe kake ka ntchito kwa munthu wina, ndipo munthuyo amatsegula malo ndi ndalama zakezake, kulemba antchito ake, ndi kumalipira mwini dzina monga agwirizanirana. Izi zimasiyana ndi kutsegula nthambi, chifukwa pa nthambi mpamba, phindu ndi ngongole zonse zimakhala zanu, pamene pa franquia malowo ndi a mwini wake, inu mwangoikapo mbiri yanu. Njira imeneyi yakuzapo mabizinesi amene anayamba pang'ono. Nando's, imene lero ili m'mayiko ambiri, inayamba mu 1987 ndi malo amodzi ku Johannesburg, kugulitsa nkhuku ya piripiri yomwe ife tonse timaidziwa.

Musanavomere pempho la munthu aliyense, yesani bizinesi yanu mwa kuchokapo. Pitani kumudzi mukakhale mwezi wathunthu, osaimba foni m'mawa uliwonse, osalowa pa WhatsApp kufunsa ngati ufa wafika, ndipo pobwera muone kope la malonda ndi kumva zimene ogula akunena. Ngati buledi anayamba kuchepa, ngati ndalama za m'bokosi sizikugwirizana ndi matumba a ufa amene atha, ndiye kuti chimene chikuyendetsa malonda anu ndi maso anu, ndipo maso sabwereketsedwa. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi chifukwa cha changu, koma ndikuona kuti palibe ina yoiposa. Ndi bwinonso kuti bizinesi ikhale itadutsa zaka ziwiri kapena zitatu ikupindula, kuti mukhale mutaona nyengo zonse: miyezi imene alimi agulitsa fodya, mbatata ya kachewere ndi chimanga ndalama zili m'manja, komanso Januwale ndi Febuluwale pamene anthu amawerenga ndalama yachitsulo kawiri asanagule.

Mukatero, lembani zonse zimene zili m'mutu mwanu, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imatenga nthawi yaitali. Ndinathandizapo kulemba buku lotere pa padaria ina ya wachibale, ndipo tsiku loyamba tinazindikira kuti wophika wamkulu sankayeza kanthu. Mchere ankatapa ndi dzanja, madzi ankathira ndi ndowa yopindika pakamwa mpaka pa dzimbiri limene iye yekha ankalidziwa, ndipo kutentha kwa uvuni ankakuyesa polowetsa mkono ndi kuwerenga chamumtima. Buledi wake anali wokoma ndithu, koma palibe munthu wina akanamuphika. Tinagula sikelo, ndipo kwa masabata atatu tinkaima pambali pake nthawi ya mbandakucha, kuyeza chilichonse chimene watapa asanachiponye mu ufa, kufikira tinapeza miyeso yokhazikika ya thumba la makilogalamu 50. Buku lanu lifike pamenepo: magalamu a isiti, shuga ndi mchere, kulemera kwa mtanda uliwonse usanalowe mu uvuni, mabuledi angati atuluke m'thumba limodzi, nthawi yotsegula chitseko, zovala za antchito, katsukidwe ka ziwiya, mawu olonjerera ogula, ndi chochita ndi buledi wogona. Muike zithunzi zambiri, ndipo mulembe m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa momwe, popeza amene adzakanda ufa usiku si onse anafika patali ndi sukulu.

Bukulo liganizire za kusiyana kwa malo m'chigawo chathu. Ku Angónia ndi ku Tsangano mwezi wa Juni kumazizira kwambiri, ndipo mtanda umachedwa kufufuma, pamene mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mtanda womwewo ukhoza kufufuma msanga ndi kusasa wophika asanakonze uvuni. Muyeso umene munaupeza kumapiri sudzagwira ntchito m'mphepete mwa Zambezi popanda kuusintha. Pa chifukwa chimenechi, tsegulani malo achiwiri ndi ndalama zanu, kutali ndi oyamba, muikepo munthu amene sanagwirepo ntchito kwa inu, ndipo ayendetse potsatira buku lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Funso lililonse limene adzakufunsani likusonyeza tsamba limene likusowa, ndipo ndi bwino kuti zolakwazo zidye ndalama zanu kusiyana ndi za munthu amene anagulitsa ng'ombe zake chifukwa chokukhulupirirani.

Dzina ndi chizindikiro zilembetsedwe musanazibwereketse. Chiphaso cha malonda chimene munatenga ku BAÚ (ofesi ya boma yopereka ziphaso za malonda) ndi nambala ya msonkho ya NUIT zimakulolani kuchita malonda ndi kukhoma msonkho, koma sizikupatsani umwini wa chizindikiro. Umwiniwo umachokera ku Instituto da Propriedade Industrial, kapena IPI, limene likulu lake lili ku Maputo, potsatira lamulo la Código da Propriedade Industrial la mu 2015. Chizindikiro chikalembetsedwa chimatetezedwa zaka 10 ndipo mukhoza kuwonjezera nthawiyo, koma ku Mozambique kuno pali chinthu china chimene ambiri amaiwala, chakuti zaka zisanu zilizonse mwini chizindikiro ayenera kupereka chikalata chonena kuti akufunabe kuchigwiritsa ntchito. Katundu ndi ntchito zimagawidwa m'magulu, ndipo buledi ali m'gulu 30 pamene malo odyera ali m'gulu 43, choncho amene amaphika ndi kudyetsanso anthu pamalopo alembetse m'magulu onse awiri. Kwa ife okhala m'malire, kumbukiraninso kuti chitetezo cha ku Maputo chimathera pa malire, monga pa Calómuè ndi pa Cassacatiza. Ngati maso anu ali pa Dedza kapena Lilongwe, muyenera kulembetsanso ku Malawi, kapena kudzera ku bungwe la ARIPO la ku Harare, lolembetsa zizindikiro m'mayiko angapo a mu Africa, limene mayiko awiriwa ndi mamembala ake.

Kenaka khalani pansi ndi wowerengera ndalama, muwerenge ngati kuti inu ndinu wobwereka dzinayo. Kawirikawiri pamakhala ndalama yolowera, imene imalipira maphunziro ndi thandizo lotsegulira malo, ndiponso gawo la mwezi ndi mwezi. Tiyerekeze kuti padaria yatsopano ikugulitsa buledi wa ma metikali 300,000 pa mwezi, ufa, isiti ndi nkhuni zikudya 180,000, ndipo malipiro a antchito, lendi, magetsi ndi msonkho zikudya 75,000. Zotsala ndi 45,000. Mukatenga 5 pa 100 iliyonse ya zogulitsa, ndiye 15,000, mnzanuyo atsala ndi 30,000, ndipo ngati anaika 600,000 potsegula, ndalama yake idzabwerera pakatha miyezi 20. Mukatenga 10 pa 100 iliyonse, adzadikira miyezi 40, ndipo munthu wodikira motero amayamba kuchepetsa mtanda kapena kubisa zogulitsa. Muwerengenso mbali yanu, chifukwa kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo mafuta a ulendo uliwonse wokayendera adzachokera pa 15,000 yomweyo. Ine ndimakonda gawo lowerengera pa zogulitsa kusiyana ndi ndalama yokhazikika, chifukwa limatsika lokha m'miyezi ya njala, ndipo limachititsa mwini dzina kusamala kuti mnzake agulitse. Kuti zogulitsazo zidziwike, gwirizanani kuti malipiro a pa M-Pesa ndi e-Mola azilowa pa nambala ya bizinesi yokha, ndipo matumba a ufa ogulidwa azilembedwa, popeza ufa umene watha umaulula buledi amene waphikidwa.

Pangano lilembedwe ndi loya wodziwa za malonda. Malamulo a zamalonda a dziko lino anakonzedwanso mu 2022, choncho musakopere pepala lakale kapena la dziko lina limene mwalipeza pa intaneti. Panganolo linene dera limene wobwereka dzina adzagulitsemo popanda inu kuikamo wina, zaka zimene lidzatenge, ndalama zolipira ndi tsiku lake, katundu amene ayenera kugulidwa kwa inu kapena kwa ogulitsa amene mwawavomereza, ufulu wanu wolowa m'malomo ndi kuona mabuku, ndi kusunga chinsinsi cha kaphikidwe. M'misika ya m'malire momwe kwacha imayendanso, linene poyera kuti kuwerengera konse kudzakhala m'ma metikali. Ndime zimene anthu amachita nazo manyazi ndi zimene zimadzafunika kwambiri: chidzachitike n'chiyani wina akaphwanya pangano, akamwalira, kapena akafuna kugulitsa malowo, ndipo chikwangwani chidzatsitsidwa pakapita masiku angati pangano likatha. Wobwereka dzina akhale ndi chiphaso chake, NUIT yake, ndipo alembetse antchito ake ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ya antchito, kuti ngongole zake ndi milandu yake zisadzagwere inu. Popeza pepalalo lidzakhala m'Chipwitikizi, liwerengedwe ndi kumasuliridwa m'Chichewa pamaso pa mboni, asayine atamvetsa, ndipo masiginecha atsimikizidwe kwa notário, munthu amene lamulo linamupatsa mphamvu yotsimikiza zikalata. Wobwereka dzinayo mumuuzenso zoona za ndalama zimene malo anu amapeza, osakometsera, ndipo mumupatse masiku oti akafunse kwa anthu ena asanasayine.

Kusankha munthu ndi kovuta kuno kwathu kuposa mmene alendo angaganizire, chifukwa oyamba kupempha amakhala achibale. Akulu anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndi zoona, koma bizinesi imaola msanga ngati mwini dzina akulephera kudzudzula. Wachibale wanga uja anapereka dzina kwa mlamu wake popanda pepala, ndipo atapita kukayendera anapeza buledi wopepuka m'manja, wotuwa pansi, akugulitsidwa pansi pa chikwangwani chake. Atafunsa, yankho linali lakuti, “Alamu, inu mwabwera kudzandiona kapena kudzandiyeza buledi?” Nkhaniyo inakathera kwa amalume, ndipo ogula ena anali atayamba kale kunena kuti padaria yonse yatsika. Sindikunena kuti wachibale asapatsidwe, koma adutse njira imodzi ndi mlendo: agwire ntchito pa malo anu mwezi umodzi kapena iwiri, adzuke usiku kukakanda ufa, aime pa kauntala, atseke mabuku madzulo, ndipo asayine pangano lomwelo. Funani munthu amene adzakhala pamalopo tsiku ndi tsiku, amene ndalama yake ndi yakeyake kapena ngongole imene angathe kubweza, ndiponso amene savutika kutsatira njira ya mnzake. Munthu wanzeru zambiri amene pa sabata yoyamba akufuna kusintha kaphikidwe akhoza kupambana pa bizinesi yakeyake, koma pa franquia adzakuvutitsani.

Malo akatsegulidwa, ntchito yanu imasintha. Sabata yoyamba mukhale komweko pamodzi ndi wophika wanu wamkulu, ndipo pambuyo pake muziyendera mwezi uliwonse, nthawi zina osanena tsiku. Mutenge sikelo yanu, mutole mabuledi asanu pa shelefu, muwayeze, mubenthule mmodzi muone mkati, muone chimbudzi ndi malo osungira ufa, chifukwa akuluakulu a boma oyendera malo a malonda akadzatseka malowo chifukwa cha uve, dzina limene lidzamveka pa wailesi ndi lanu. Zimene mwapeza muzilembe, nonse awiri musayine, ndipo mupereke masiku okonzera. Mubwerenso ndi thandizo looneka, monga kugula ufa pamodzi kuti mtengo utsike, kupeza munthu wokonza makina, ndi kuphunzitsa antchito atsopano, popeza munthu amene amalipira mwezi ndi mwezi osaona chimene akulandira amayamba kufunsa chifukwa chake akulipira. Mabungwe ngati IPEME, limene limathandiza mabizinesi ang'ono ndi apakati, mukhoza kuwafikira pa nkhani ya maphunziro ndi kakonzedwe ka mapepala. M'chaka choyamba mupereke dzina kwa munthu mmodzi yekha, pa malo amene mungafikeko ndi kubwerako tsiku lomwelo, ndipo wachiwiri adikire kufikira woyambayo atadutsa nyengo ya dzinja akulipira antchito ake pa nthawi yake.