Makoko a nthochi musataye, ndi manyowa amenewo

Anzanga a mu Mzuzu muno, makamaka inu a ku Chibavi ndi Mchengautuwa komwe madzi amasefukira mvula ikangolimba, chonde tisiye kuthira zinyalala mu ngalande, zimatseka njira ya madzi ndipo zina zimakathera mu mtsinje wa Lunyangwa.

Ine pakhomo ndili ndi ndowa ziwiri basi. Ina ya zowola monga makoko a nthochi, a mbatata ndi ndiwo zotsala, inayo ya mapulasitiki. Zowolazo ndimathira pa dzenje kuseri kwa nyumba, ndikuwazapo phulusa la pa mbaula, zitosi za nkhuku ndi kadothi pang'ono, kenako kumatembenuza pakatha masabata awiri aliwonse. Koma vindikirani ndi lata lakale, mvula ya kuno mukuidziwa, zikanyowa kwambiri zimangonunkha osapsa. Pakatha miyezi itatu manyowa apsa, mpiru wanga umakula bwino zedi pomwe feteleza mtengo wake mukuwuona nokha.

Mabotolo a pulasitiki dulani pakati, boolani pansi, mufeseremo tomato. Majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015, ndiye popita ku msika nyamulani kachikwama kanu ka nsalu kuchokera kunyumba.