Mwana wanu akagwidwa ku Joni alibe mapepala

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 16, anagwidwa ku Joni alibe pasipoti. Masiku anayi tinangokhalira kulira pa WhatsApp. Inu musachedwe choncho.

Yambani mwafufuza kumene akusungidwa: polisi yake iti, anamugwira liti, nambala ya mlandu ngati ilipo. Anthu akuluakulu akagwidwa amawatumiza ku Lindela, malo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo, ku Krugersdorp, koma mwana malo ake si kumeneko. Mu 2004 khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti ana ochokera kunja amene alibe owayang'anira azisamalidwa motsata malamulo oteteza ana. Ndiye nkhani yonse yagona pa umboni wa zaka zake. Ife tinapulumukira kabuku ka kusikelo, kothimbirira ndi utsi, ndi kalata ya ahedi. Zijambuleni bwinobwino, tsiku lobadwa lizioneka.

Kenako imbirani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg, ndipo musalankhule ngati mukupempha chifundo. Mwanayo ndi nzika, boma lake liyenera kumuteteza. Pangano la ku Vienna la 1963 limati wogwidwa kunja akapempha, kazembe wa dziko lake adziwitsidwe, ndipo kazembeyo atha kukamuona. Pemphani kuti akamuonedi, amukonzerenso chikalata chobwerera kumudzi. Lembani dzina la amene mwalankhula naye, mawa lake muimbenso.

Kuno ku Malawi wina apite kwa a zachisamaliro cha ana ku ofesi ya DC, atanyamula kalata ya amfumu.

Pamabwera anthu oti muwapatse marandi akamutulutse usiku. Akaneni. Amene anabwera kwa ife tinamupatsa, foni yake n'kuzima.