Lole ikamawira kapena batire ikamatha moto, yambirani pa lamba

Okutobala ndi Novembala akafika, malole ofera m'mbali mwa msewu amachuluka, makamaka pa chitunda chochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, pa Chiweta ku Rumphi, ndi pa Khwekhwerere pochokera ku Golomoti. Katundu ali thoo, giya ndi yaying'ono, dzuwa likuswa mtengo, ndiye injini yomwe inkabisa matenda imaululira pomwepo. Chonsecho zambiri mwa zimene zimaimitsa malolewa mwini wake akanaziona yekha pakhomo, m'mawa injini isanalizidwe, osalipira makaniko ngakhale tambala.

Yambirani pa lamba uja timati fanibelti. Pa malole ambiri akale omwe tili nawo kuno, monga ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu, lamba yemweyo ndiye amazunguza pampu ya madzi komanso olitaneta, makina otchaja batire. N'chifukwa chake kagetsi kofiira ka batire kakayaka pa dashibodi muli pa ulendo, musamati tikaona tikafika. Imani. Ngati lambayo waduka, pampu nayo yaima, ndipo injini iwira pasanathe mphindi zingapo. Kuyeza kwake n'kosavuta: injini ili chozima, dinikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri, timawilo tomwe lambayo amazungulirapo. Alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wolobodoka amalira kwiii poliza injini ndipo satchaja bwino, pomwe womangitsitsa amadya mabeyaring'i a pampu ndi a olitaneta. Akayamba ming'alu kapena kunyezimira m'mbali, msintheni, ndipo wina wapadera azikhala kuseri kwa mpando pamodzi ndi masipanala a 12 ndi 14.

Tibwere ku madzi. Ambiri timangotunga pa mjigo kapena mumtsinje n'kuthira mu rediyeta. Taonani m'kati mwa ketulo yomwe mumaphitsira madzi a pa mjigo, zoyera zokakamira zija. Zomwezo zimamatirira m'timapaipi ta rediyeta, tomwe ndi tating'ono kwambiri, kenaka dzimbiri limatsiriza ntchito. Ena amati mankhwala a mu rediyeta, coolant, ndi a kumaiko kozizira kokha. Ayi ndithu. Amateteza dzimbiri komanso amachedwetsa madzi kuwira. Werengani pa botolo, poti ena amabwera osakaniza kale, ena mumasakaniza nokha theka mankhwala theka madzi, ndipo madzi ake akhale a batire aja kapena a mvula osefa bwino.

Chivindikiro cha rediyeta anthu amachipeputsa, ena mpaka kutsekapo ndi chiguduli. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, yosonyeza mphamvu yomwe chimapanikizira madzi. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100, koma opanikizidwa chonchi amafika cha m'ma 120 asanawire. Labala wa chivindikiro akauma kapena kung'ambika, lole imataya madzi pa chitunda chilichonse, inu n'kumaganiza kuti injini yatha. Gulani china cha nambala yomweyo. Mukatero yang'anani kumaso kwa rediyeta. Amene mumanyamula chimanga, thonje kapena fodya, mungu, udzu ndi fumbi zimatseka mphepo. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera mbali ya injini kutulukira kunja, osakolosola ndi waya. Finyaninso mapaipi a labala: lofewa ngati nthochi yakupsa kapena lotupa pafupi ndi kilampu latsala pang'ono kuphulika. Pansi pa pampu pali kabowo; kakamadontha, pampuyo yatopa.

Pali chizolowezi china chomwe sindigwirizana nacho, chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha, n'kutaya. Akuti kuno n'kotentha, siifunika. Komatu injini ya dizilo imafuna kutentha kwake koyenera, ndipo ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imafuka utsi, imathanso msanga. Ngati mukuikayikira, ichotseni, muiike mumphika wa madzi pa moto. Yabwino imatseguka madzi asanawire, zambiri cha pa madigiri 82, ndipo nambala yake imadindidwa pa iyo yomwe. Ikakana kutseguka, gulani ina, osati kuyenda opanda.

Nanga yawira muli pa msewu? Patukani. Ngati lamba ali bwino ndipo madzi sakutayika, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti fani iziziritse. Lamba akaduka kapena paipi ikaphulika, zimitsani nthawi yomweyo. Chivindikiro musachikhudze mpaka patapita theka la ola kapena kuposerapo, chifukwa nthunzi yake imasenda khungu kumaso ndi m'manja. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, mutu wake ungapindike kapena kusweka. Mukaona thovu likubwadamuka mu rediyeta injini ikulira, utsi woyera wosatha ku ekizozi, kapena oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, gasiketi, chomatira chapakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa. Apo ndiye pa makaniko.

Za magetsi zimafuna kachipangizo kamodzi koyezera mphamvu ya moto kotchedwa multimeter, komwe kamapezeka m'mashopu ogulitsa zamagetsi. Batire ya 12V yodzaza, itagona usiku wonse, imawerenga pafupifupi 12.6. Ikamaonetsa 12.2 ndiye kuti ili theka. Lizani injini muyezenso: muone pakati pa 13.8 ndi 14.4. Nambala ikapanda kukwera, olitaneta sikutchaja. Ikapitirira 15, ikuwiritsa batire, ndipo mumva fungo la mazira owola. Malole a 24V ali ndi mabatire awiri olumikizana, choncho potchaja muziona cha m'ma 28. Yezaninso iliyonse payokha, poti imodzi ikafooka imakokera inzake pansi. Pogula, gulani zonse ziwiri nthawi imodzi, zofanana.

Musanathamangire kukagula olitaneta ina, onani mitu ya batire. Zoyera kapena zobiriwira zomera pamenepo zimatsekereza moto. Masulani waya wa negetivu poyamba, sungunulani soda yemwe amayi amathira m'therere m'madzi ofunda, tsukani, pukutani, mangani zolimba, mupake girisi pang'ono. Pobwezera, negetivu ikhale yomaliza. Tsatiraninso waya wokhuthala wochoka pa batire kupita ku chasisi ndi ku injini, chifukwa misewu yathu ya mabampu imaumasula, lole n'kumangoti ke-ke-ke poliza. Mabatire okhala ndi zotsekera pamwamba muziwonjezera madzi a batire okha mpaka aphimbe zitsulo za m'kati, osati asidi, ndipo fodya akhale kutali popeza mpweya wotuluka m'menemo umaphulika.

Zinthu ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri m'madepoti muzisiye. China ndi kuzula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati olitaneta ikutchaja; moto umalumpha n'kuotcha madayodi a olitaneta yomwe inali bwinobwino, ndipo pa malole atsopano umapsereza ndi kompyuta yomwe. Chinacho ndi kukoka waya pa batire imodzi ya lole ya 24V kuti mulumikize wailesi kapena chotchajira mafoni. Batire imeneyo imakhala yanjala masiku onse, inzake ikukhuta mopitirira, mapeto ake zonse ziwiri zimafa msanga. Gulani kabokosi kotsitsa moto kuchoka pa 24V kufika pa 12V, mukalumikize kudzera pa fyuzi.