Momwe mungalekere kuthamangitsa tulo usiku

Kusowa tulo nthawi zambiri kumayamba ndi nkhawa ya lendi, matenda kapena maliro. Nkhawayo imatha, koma imasiya inzake: mantha akuti lero sindigonanso. Mantha amenewa amachititsa thupi kutulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kumagunda msanga, ubongo n'kukhala tcheru. Pakapita milungu ingapo, kungofika pabedi maso amauma gwa. Chofunika kuthetsa ndi mantha amenewa.

Yambani ndi wotchi. Tcherani alamu, foni muiike patali moti simungaifikire muli chigonere. Masamu akuti "yakwana 02:00, minibasi ya ku Kulima Tower ndikwera 05:30, kwatsala maola atatu ndi theka" ndi amene amathawitsa tulo.

Pitani kukagona maso akalemera, mukayamba kusinza. Kutopa ndi tulo n'zosiyana. Munthu amene waima tsiku lonse pa Soweto Market angatope kwambiri koma tulo kulibe, ndipo akathamangira kubedi 20:00 amangowonjezera maola ogubuduka.

Mukaona ngati papita mphindi 20 muli maso, dzukani. Musayang'ane nthawi, ingoyerekezani. Khalani pampando, yatsani kanyali kosawala kwambiri, werengani kapena pindani zovala, ndipo mubwerere tulo tikakugwirani. Chitani zimenezi ngakhale katatu usiku umodzi. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, monga zambiri za ku Kanyama ndi Chawama, mphasa pansi ndi yokwanira, bola mwachoka pabedipo. Njirayi anaikhazikitsa ndi katswiri wa zamaganizo Richard Bootzin mu 1972, ndipo imaphunzitsanso ubongo kuti bedi ndi pogona, si polimbana ndi maganizo.

Apa ndi pomwe ambiri amagonja: dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale Lamlungu, ngakhale mwagona maola anayi okha, ndipo masana musagone. Mukakhala maso tsiku lonse, mu ubongo mumadzadza adenosine, yemwe amabweretsa tulo usiku wotsatira. Kugona masana kumamuchepetsa. Sabata yoyamba mudzatopa kuposa kale, choncho samalani ngati mumayendetsa galimoto.

Cha m'ma 18:00 patulani mphindi 15, mulembe m'kope zimene zikukuvutani ndi chimene muchite mawa pa chilichonse. Zikabwera usiku, dziuzeni kuti zalembedwa kale.

Tiyi, khofi ndi Coca-Cola zilekeni ikapitirira 14:00, chifukwa theka la caffeine wa m'zakumwazi limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi asanu. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku. Piriton ndi mankhwala a ziwengo, musawasandutse a tulo.

Vutoli likamachitika masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, pitani kukiliniki mukafunse za chithandizo cha CBT-I, chomwe chimathandiza kusintha maganizo ndi zizolowezi zosowetsa tulo popanda mankhwala. Ku chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka kulinso akatswiri a zamaganizo. Amene ali ndi khunyu, kapena amene amaliza nkonono n'kumabanika ali m'tulo, ayambe aonana ndi dokotala asanasinthe kagonedwe kawo.