Matayala a MGB Yanga: Mmene Ndinasankhira Thumba Lili Lopepuka

Galimoto yanga ndi MGB GT ya 1972, imodzi mwa zija zinkapangidwa ku Abingdon pakati pa 1962 ndi 1980. Ndinaigula kwa bambo wina wachikulire kufupi ndi Coventry, kuno ku England komwe ndimakhala, ndipo tsiku lokaiona ndinasangalala ndi matayala ake. Mano anali odzaza, akuda bii, ngati angochoka kumene mu shopu. Patangotha milungu itatu, kukugwa kamvula kowaza, ndinalowa pa raundabauti ndi liwiro loti ngakhale wa njinga akanatha kunditsatira, koma kumbuyo kwa galimoto kunaterereka n'kutsala pang'ono kundiyang'anitsa komwe ndinkachokera. Makaniko amene ndinapitako sanafunse zambiri. Anagwada, n'kupukuta m'mbali mwa tayala ndi chala, n'kundionetsa manambala anayi: 2306.

Yambani pomwepo musanatulutse ndalama iliyonse. M'mbali mwa tayala lililonse muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi akumapeto amanena sabata ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Anga ankanena sabata ya 23 ya chaka cha 2006. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi lakale kuposa chaka cha 2000, musayendenso nalo n'komwe. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali ya m'kati, ndiye muyenera kulowa pansi ndi tochi.

Galimoto ya tsiku ndi tsiku imatha matayala ndi msewu. Galimoto ngati zathuzi, zomwe zimatuluka Loweruka kukakhala dzuwa n'kugona m'garaja nyengo yonse yozizira, zimatha matayala ndi zaka. Mphira imauma, imalimba, imasiya kugwira phula lonyowa, mano akadali onse. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 muziliunikitsa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 mulichotse ngakhale likuoneka bwino. Ine ndimayenda mailosi osapitirira 2,000 pa chaka. Choncho kulipira ndalama zambiri pa tayala lomwe amalitamanda kuti limayenda mtunda wautali ndi kutaya ndalama, chifukwa sindidzaumaliza mtundawo. Chimene ndimalipira ndi mphira yatsopano yogwira pa mvula, ya saizi yoyenera. Basi.

Za malamulo ndingodutsamo. Kuno mano a tayala asachepere mamilimita 1.6, ndipo chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500 pa tayala limodzi. Kuyambira mu 2018, galimoto zambiri zopitirira zaka 40 sizikakamizidwanso kupita ku MOT, komwe ndi kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa msewu. Zimenezi zikutanthauza kuti palibenso munthu amene adzakuyang'anireni matayala chaka ndi chaka. Udindo wonse watsala ndi inu.

Tsopano saizi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa.

Ma MGB oyambirira ankabwera ndi matayala akale a crossply (ulusi wa m'kati mwake ndi wopingasana), a saizi 5.60-14. Kenako kunabwera a radial, mtundu womwe tikugwiritsa ntchito masiku ano: 155SR14 pa galimoto zotsegula denga, ndi 165SR14 pa GT ya denga losatsegula ngati yanga. Nambala yoyamba ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, yomaliza ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Kalembedwe kakaleka kalibe nambala yapakati, koma kutalika kwa m'mbali mwa tayala kunali pafupifupi 80 peresenti ya kufutukuka kwake. Ndiye 165SR14 masiku ano mukaipeza ngati 165/80R14. Mukafika pa shopu n'kutchula saizi imeneyi, kawirikawiri mnyamata wa pa kompyuta amapukusa mutu n'kukupatsani zomwe ali nazo pa shelefu. Musanavomere, werengetsani nokha.

Masamu ake ndi osavuta. Tengani kufutukuka, chulukitsani ndi peresentiyo, chulukitsaninso ndi 2, kenako wonjezani mamilimita 356, omwe ndi rimu ya mainchesi 14. Tayala la 165/80 limatuluka mamilimita 620. La 185/70 limatuluka 615, kusiyana kwake sikufika ngakhale 1 peresenti. La 175/70 limatuluka 601, lachepa ndi 3 peresenti. La 185/60, lomwe anandiuza kuti ndi lotsika mtengo komanso lopezeka paliponse, limatuluka 578, lachepa ndi 7 peresenti.

Kodi 7 peresenti ndi kanthu? Ndi kanthu ndithu. Sipidomita izikuuzani kuti mukuthamanga kuposa mmene mukuthamangira, injini izilira kwambiri pa msewu waukulu, ndipo galimoto itsika ndi mamilimita 21. Amene anayendetsapo MGB akudziwa mmene paipi ya utsi imayandikira pansi. Mamilimita 21 amenewo ndi omwe amasiyanitsa kudutsa bwino pa hampu ndi kusiya sailensa m'mbuyo. Komanso tayala lalifupi limasiya mpata waukulu pansi pa madigadi, galimoto n'kumaoneka ngati yabwereka nsapato za mwana.

Anzanga a MGB yotsegula denga, ya mabampa achitsulo chonyezimira, inu masamu anu ndi ena. Tayala la 155/80 limatuluka 604, ndiye 175/70 ili pafupi kwambiri ndi saizi yanu yoyambirira, ndipo imapezeka mosavuta pa mtengo wabwino. Tsegulani buku la galimoto yanu, musangotengera zanga.

Ndiye bwanji osangogula 185/70, poti kutalika kwake n'kofanana? Ambiri amatero ndipo sindiwanena. Koma ndinayendetsapo ya mnzanga yovala saizi imeneyo, ndipo manja anandiuza zonse. MGB ilibe chothandizira kupepuza chiwongolero. Mphamvu yonse yokhotetsa ndi ya mapewa anu, ndipo mamilimita 20 owonjezera pa tayala lililonse lakutsogolo mumawamva poimika galimoto pamalo opanikiza. Pa msewu wokumbika galimoto inkafuna kutsatira mizere ya phula m'malo motsatira ine. Palinso nkhani ya tayala kukhudza madigadi: pa ma MGB ambiri tayala lakumbuyo la kumanzere limayandikira madigadi kuposa la kumanja. Pa yanga ndinalowetsa zala: kumanja zitatu, kumanzere ziwiri zokha. Yesani pa yanu musanagule chilichonse chotambalala, ndipo onaninso nambala yodindidwa pa rimu. Marimu anga achitsulo a mtundu wa Rostyle ndi 5J, kutanthauza mainchesi 5 m'lifupi, amatha kulandira 185, koma pa rimu ya 4J kapena 4.5J tayala lotero limafinyika n'kumagwedera pokhota.

Chinanso chimene anthu saganizira n'chakuti galimoto izi zimapendekeka pokhota, ndipo masipuling'i ake akumbuyo ndi a zitsulo zosanjikiza ngati a lole. Zinapangidwira tayala lopyapyala la mapewa obulungira, lomwe limayamba kuterereka pang'onopang'ono n'kukuchenjezani. Tayala lotambalala la mapewa a ngodya limagwira zolimba, kenako limasiya kamodzin'kamodzi. Ine ndimakonda galimoto yondiuza zomwe ikufuna kuchita.

Pali msampha wina woti muusamale, ndipo umakola anthu ofuna zotsika mtengo. Mukafufuza 165R14 pa intaneti, zambiri zomwe zimatuluka zimakhala ndi chilembo C kumapeto: 165R14C. Amenewo ndi matayala a maveni ndi ngolo zokoka, olimba m'mbali kuti anyamule katundu. Saizi ikwana, mtengo ukoma, koma pa galimoto yolemera tani imodzi yokha mudzamva mwala uliwonse m'msana, ndipo pa mvula sagwira bwino chifukwa palibe cholemera chowakanikiza pansi. Asiyeni. Nambala ya katundu yokwanira kwa ife ndi ngati 85, kutanthauza makilogalamu 515 pa tayala limodzi. Chilembo cha liwiro nacho musadandaule nacho kwambiri: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210. MGB wamba ya injini ya 1798 cc sifika 180 ngakhale mutaiponda bwanji, choncho S kapena T zikwanira. Chofunika n'chakuti musatsike pansi pa zomwe buku la galimoto yanu likunena, kuopa kukangana ndi a inshuwalansi tsiku la ngozi.

Tifike pa ndalama. Pali matayala opangidwira galimoto zakale zenizeni, a maonekedwe a nthawi imeneyo koma mphira ya lero. Michelin XAS, yomwe inatuluka koyamba mu 1965, imapangidwabe mu 165HR14. Pirelli Cinturato CA67 nayo ilipo, Vredestein Sprint Classic, komanso Blockley ya konkuno. Sindikunamizani: ndinakwera MGB yovala XAS ndipo chiwongolero chake chinali chopepuka, galimoto yoyenda mowongoka ngati yamangidwa pa chingwe. Ndalama zikanakhalapo ndikanagula amenewo. Koma pamene ndinkafunsa mitengo, limodzi lokha linkakwana matayala atatu wamba, ndipo nthawi yomweyo mabuleki anga ankafuna mapaipi atsopano, kwinaku kumudzi akudikira fizi ya mwana wa mlongo wanga. Vredestein ndi Blockley zinali pakatikati. Ngati mungathe kudikira miyezi iwiri kuti musonkhanitse, yambani mwafunsa ziwirizo.

Ine ndinagula anayi wamba a 165/80R14, a chilembo T. Posankha ndinayang'ana chinthu chimodzi pa chipepala chomata pa tayala: chilembo cha kagwiridwe ka pa msewu wonyowa, pomwe A ndiye wapamwamba. Ndinakana chilichonse chotsika kuposa C. Za kusunga mafuta ndi phokoso sindinaziwerengere, poti injini ya MGB imaphimba phokoso la tayala lililonse. Dziwani kuti matayala opangidwira galimoto zakale zokha kawirikawiri sakhala ndi chipepala chimenechi, lamulo linawapatula, ndiye kusowa kwake kusakudabwitseni.

Saizi zosowa zimakhalitsa m'nyumba zosungira katundu. Tayala likhoza kukhala losagwirapo ntchito koma lili ndi zaka 4. Ndisanalipire ndinapempha kuti andiwerengere manambala a DOT a onse anayi. Shopu yoyamba inandiuza kuti sizitheka, ndinachokapo. Yachiwiri inanditumizira chithunzi pa foni, onse anali a chaka chomwecho. Ngati akukugulitsani la zaka zopitirira 2, pemphani kuti atsitse mtengo, chifukwa zakazo azidula pa moyo wa tayala lanu.

Nanga a kaunjika? Kwathu tinakulira pa matayala otere ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Kuno amaloledwa malinga ali ndi mano osachepera mamilimita 2 ndipo adindidwa kuti ndi ogwirapo kale ntchito. Pa galimoto yoyenda tsiku lililonse mwina pali phindu, poti mudzawamaliza msanga. Pa yathuyi palibe. Saizi ngati 165/80R14 ya kaunjika yachokera pa galimoto ina yakale yomwe mwini wake waichotsa chifukwa cha ukalamba womwewo. Mukhala mukugula vuto lomwe linandizunguza ine pa raundabauti paja.

Ngati ndalama zikukwana awiri okha, gulani awiri ofanana n'kuwaika kumbuyo, ngakhale mtima ukuti kutsogolo. Kutsogolo kukaterereka mumamva m'manja n'kuchotsa phazi pa mafuta. Kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira. Musaphatikize crossply ndi radial pa ekiselo imodzi, ndi mlandu, ndipo radial kutsogolo crossply kumbuyo nazonso n'zoletsedwa. Pa sipeyala ndi pomwe ndinapulumutsa ndalama: ndinasunga labwino mwa akale aja kwa miyezi ingapo, longondifikitsa kunyumba pang'onopang'ono, mpaka nditapeza ndalama ya tayala lachisanu.

Amene muli ndi mawilo a masipoko, bajeti yanu ikhale yokulirapo. Mpweya umathawira m'mabowo a masipoko, ndiye pamafunika machubu, ndipo tayala latsopano limafuna chubu chatsopano, chifukwa chakale chinatanuka ndipo chimapindika n'kuboola. Lamba wophimba mitu ya masipoko m'kati mwa rimu asinthidwenso. Uzani womangayo achotse timapepala tonse tomatidwa m'kati mwa tayala, timakhula chubu mpaka kuphulika. Chubu sichiyenera kulowa m'tayala lomwe nambala yake yapakati ndi yochepera 70, chomwe ndi chifukwa chinanso chokanira 185/60. Ndipo funsani kaye ngati ali ndi zida zopimira mawilo a nati imodzi yapakati. Makina wamba akagwira wilo lotere molakwika, amalimata zitsulo zambirimbiri koma chiwongolero n'kumanjenjemerabe.

Atamanga anga, mnyamata wa pa shopu anapopa 35 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) monga amachitira ndi galimoto zamakono. Buku la MGB limanena 21 kutsogolo ndi 24 kumbuyo, manambala a matayala a nthawi imeneyo. Ndinayesa onse awiri. Pa 35 galimoto inkadumpha, pa 21 chiwongolero chinkalemera. Ndinakhazikika pa 26 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, ndikupima m'mawa matayala asanatenthe. Mailosi 100 oyambirira ndinayenda mofatsa kuti mafuta a ku fakitale achoke pa mphira. Nyengo yozizira ikafika ndimawonjezera mpweya pang'ono ndipo milungu iwiri iliyonse ndimakankha galimoto theka la mita kuti isakhalire malo amodzi a tayala. Chaka cha DOT ndinachilemba ndi choko pa khoma la garaja, pamwamba pa jeki.